Khadi Limene Mlongo Wanga Anakafesa

Ntchito yanga yoyamba inali yojambula maluwa a zitenje. Atate anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ku Kafue, ndipo ife ana awo awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, tinabadwira mu Kafue momwemo. Nditamaliza sukulu ndinalowa ku fakitale ya nsalu, m'chipinda cham'mwamba mmene munkakhala ife ojambula. Pansi makina ankalira tsiku lonse, ife tili ndi mabulashi ndi timabotolo ta penti, kusakaniza mitundu mpaka kufiira kwa duwa kukhale kumene tikufuna. Ndinkayenda mumsika n'kuona mzimayi wogulitsa tomato atavala duwa limene ndinalijambula ndekha. Sindinkamuuza, koma tomato ndinkagula kwa iyeyo.

Kenako boma latsopano linatsegula zipata zonse za malonda. Mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja, anayamba kutsika m'malole, zitenje zotchipa za kutsidya kwa nyanja zinadzaza msika, zina zili ndi maluwa athu omwe aja atawabera. Makina a pansi anayamba kukhala chete, lero awa, mawa awo. Tsiku lina anatiitanira kukantini n'kutiuza kuti tizipita kunyumba, adzatiitana zinthu zikakhala bwino. Palibe amene anaitanidwa. Atate anamwalira m'zaka zomwezo. Mlongo wanga anamaliza sukulu n'kupeza kuti mageti onse amene anthu a mu Kafue ankalowamo m'mawa ali ndi maloko. Panyumba tinatsala atatu, amai, iye ndi ine, ndipo wopezetsa chakudya ndinali ine.

Salaula amene anandichotsa ntchito ndi amenenso anandipatsa ina. Munthu wina amene ankakonza makompyuta a mu ofesi ya kufakitale anatsegula kasitolo ku Lusaka, n'kumagulitsa makompyuta akale obwera m'makontena. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa. Ndinagula imodzi, ndinaiika m'chipinda chochezera cha amai, ndinayamba kupanga makhadi oitanira anthu ku ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Patapita zaka, bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati anayamba kundibweretsera matepi ake kuti ndizidula, kulumikiza, kuika nyimbo ndi maina a akwati. Ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa nyumba.

Mu kompyuta muli kachipangizo kamene kamatumiza zithunzi ku sikirini. Ife timati khadi. Yanga inali ndi makhadi awiri. Lalikulu linali ndi kafani kake, linkakhala mu mpata wofiirira wa pa bolodi lalikulu la m'kati mwa makina, ndipo ndi limene linkayendetsa sikirini imene ndinkagwirirapo ntchito. Linkaonetsa mitundu mmene ilili, ndipo vidiyo inkayenda bwino osadodoma. Laling'ono linkakhala mu umodzi wa mipata yoyera, linalibe fani, koma linali ndi pobayira waya wa TV. Eni ukwati akabwera ankakhala pa sofa n'kumaonera pa TV, ine ndili pakona kusintha zimene akundiuza.

Kuti awiriwa agwirizane ndinavutika. Anali ochokera kwa opanga osiyana. Ukaika timapulogalamu toyendetsa lina, timene timati madiraiva, linzake linkaleka kugwira. Ukayatsa makina, nthawi zina ankasankha laling'ono kukhala loyamba, zolemba zonse n'kutulukira pa TV, sikirini ili bii. Ndinaphunzira kulowa pa tsamba la buluu limene limabwera ukadina batani makina asanadzuke bwino, n'kuwauza kuti loyamba ndi la mu mpata wofiirira. Kabokosi ka magetsi kanapsa chifukwa cholemedwa, ndinagula kena kamphamvu. Ulendo uliwonse wokakonzetsa ndinkanyamula bokosi lonselo pamiyendo m'minibasi, litakulungidwa m'chitenje, kondakitala akulongolola kuti katundu wanga watenga malo a munthu. Tsiku limene makhadi awiriwo anagwirira pamodzi osakangana ndinauza onse panyumba kuti aliyense wofuna kupukuta fumbi azipukuta china chilichonse, koma osati bokosilo.

Mlongo wanga ankadziwa zonsezi. Anali munthu wamkulu, wa ndevu zake, ndipo maulendo ena a ku Lusaka tinkapita limodzi, iye ndi amene ankanyamula. Pa nthawiyo n'kuti atalowa tchalitchi china chatsopano, cha achinyamata okhaokha, chimene chinkakumana m'chinyumba chimene kale chinali mosungira katundu wa fakitale. Sindinkatsutsa. Anzake ambiri anali atalowa m'mowa, iye analowa m'mapemphero, ndipo amai ankagona tulo. Kutchalitchiko anamuika woyang'anira zokuzira mawu. Alaliki ena ochokera kunja atawasiyira pulojekita ndi kompyuta yakale, anamuikanso woyang'anira zimenezo, ndipo anayamba kuvala tayi ngakhale Lachiwiri.

Sabata imene zinachitika ndinali ndi ukwati wa ku Chanyanya. Mayi wa mkwatibwi anali wogulitsa nsomba, mzimayi wamtali wosalankhula zambiri, amene anali ndi mabwato ake ndi anyamata ake a njinga. Anabwera yekha kudzandiuza kuti achibale a mkamwini wake abwerera kwawo Lolemba, ndipo akufuna aonere vidiyo asanapite n'kutenganso yawo. Azimayi onse a mbali yake anali atavala chitenje chimodzi, chofiira chopita ku mtundu wa pepo, chimene iye anasankha yekha. Anandiuza kuti chitenjecho chioneke bwino. Ndinamuyankha kuti za mitundu asade nkhawa, ndi ntchito yanga kuyambira kale.

Lachinai madzulo, tikudya nshima, mlongo wanga anayamba.

"Ba sisi, nibwerekeniko khadi ija ikulu. Tili na msonkhano pa wikendi."

"Ya chani?"

"Kompyuta ya ku tchechi ilibe mphamvu. Tikaika mitambo yoyenda kumbuyo kwa mau a nyimbo, iima. Na vidiyo ya mlaliki idodoma."

Ndinamuuza kuti lalikulu sindingachotse chifukwa ukwati wa ku Chanyanya sunathe. Ndinati atenge laling'ono, lingathe kuonetsa mau pakhoma, eni ukwati adzaonera pa sikirini yanga. Mitambo idikire.

"Mulungu sapasiwa votsala, ba sisi."

"Nshima yamene ukudya yachokera mu khadi yamene iyo," ndinatero. "Nakana."

Amai anati tisakangane pa chakudya. Iye anasamba m'manja, anatuluka akuimba chapansipansi. Ine ndinaona ngati nkhani yatha.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka kukagula matepi opanda kanthu. Pobwerera tinachedwa pa Shimabala, galimoto itawira, tonse tili panja pakati pa azimayi ogulitsa chimanga chowotcha. Ndinafika kunyumba masana dzuwa litapendeka. Ndinakhala pampando wanga, ndinadina batani. Makina analira, sikirini sinayake. Nditasuzumira kumbuyo ndinaona waya wa sikirini ali pansi, ndipo pamene pankakhala khadi lalikulu panali bowo. Ndinatsegula bokosi. Mpata wofiirira unali wopanda kanthu, kapulasitiki kogwira khadi katathyoka chifukwa wochotsayo anachita kukoka mwamphamvu.

Amai anali kuseri akusankha nyemba. Ndinawafunsa kuti ndani wagwira makina anga.

"Mlongo wako. Wati munagwirizana."

"Amai, si munalipo pamene ndinakana?"

Sanadzutse mutu. "Wapita nalo kwa Mulungu, mwanawe. Sanapite nalo kumowa."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti anamuona akutsegula, mwinanso anamupatsa pepala lokulungira. Ndinabwerera m'nyumba, ndinabaya waya wa sikirini ku khadi laling'ono kuti ndione ngati ntchito yanga ilipo. Inalipo, koma zilembo zinali zazikulu ngati za mwana wa giredi wanu, nkhope za akwati zili mabalamabala, ndipo vidiyo inkayenda ngati munthu wotsimphina. Ndinazimitsa. Ndinatenga sikuludiraiva, ndinaika m'chikwama cha m'manja, ndinatuluka osavala ngakhale nsapato zabwino.

Tchalitchi chinali chitadzaza. Kunja kunali njinga ndi maminibasi, mkati munali kutentha kwa malata ndi thukuta. Kutsogolo anali atapachika nsalu yoyera yaikulu, ndipo pa nsalupo panali mau a nyimbo, kumbuyo kwake mitambo ikuyenda mwaulemu, osadodoma ngakhale pang'ono. Ndinaimirira pakhomo n'kumaiyang'ana. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikuyendetsa mitambo imeneyo.

Nyimbo itatha abusa, bambo wachinyamata wa suti yonyezimira, anaitana mlongo wanga kutsogolo. Anamugwira paphewa n'kuuza anthu kuti m'bale uyu sali pantchito, alibe kalikonse, koma wafesa mbewu. Wabweretsa chipangizo chodula cha m'nyumba mwawo n'kuchipereka ku ntchito ya Mulungu. Anati amene wafesa misozi ikutuluka adzakolola, ndipo chaka chino sichitha m'baleyu asanalandire kalata ya ntchito. Anthu anaomba m'manja, azimayi analulutira. Mlongo wanga anali atatseka maso, nkhope yake ikuwala, dzanja lili m'mwamba.

Kwa ine anati ndimubwereke. Kwa amai anati tinagwirizana. Kwa anthu awa anati wafesa. Chinthu chimodzi, changa, anachinena mitundu itatu, ndipo pa itatu yonseyo panalibe pamene ananena kuti waba.

Tebulo la makina linali chakumbuyo, pafupi ndi khoma. Ndinalunjika komweko. Anyamata awiri olandira alendo, ovala malamba a nsalu pachifuwa, ananditsekereza.

"Ba mami, kuno sikuloledwa. Nkhalani uko."

"Muli chinthu changa mu bokosi iyo."

Mmodzi anathamanga kukaitana mkazi wa abusa. Anabwera akumwetulira, anandigwira dzanja ngati timadziwana kale, anandikokera panja. Mlongo wanga anatitsatira, tayi ili pakhosi, maso ali pansi.

"Muli shani, ba sisi? Ndimwe akulu ake a m'bale wathu? Mulungu akudaliseni pa mbeu yamene nyumba yanu yafesa."

"Sininafese kanthu. Uyu waba. Ninamukaniza pamaso pa amai."

Kumwetulira kuja sikunachoke. "Chamene chafika pa guwa sichibwerera. Mukachitenga, mutenga na tembelero."

Ndinatembenukira kwa mlongo wanga. "Iwe, uwauze kuti ninakamba chani."

"Ba sisi, mwanichitisa manyazi. Vonse vamene tili navo ni va Mulungu."

"Nanga bwanji sunafese tayi yako? Bwanji sunafese nsapato? Munthu afesa mbeu yake, osati ya mu nkhokwe ya mnzake."

Anthu anali atayamba kutuluka kudzaona. Mkazi wa abusa anaika dzanja pamutu panga osandipempha, ena anatizungulira, ndipo anayamba kundipempherera mokweza. Ankadzudzula mzimu wa umphawi umene uli mwa ine. Ankadzudzula mzimu wokakamira zinthu za dziko. Mtsikana wina amene ndinamupangira makhadi a ukwati wake pamtengo wachifundo chaka chathacho ankafuula kuposa onse, malovu ake akugwera pa bulauzi langa.

Pa zonse zimene zinachitika tsiku limenelo, ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Umphawi ndinkaudziwa kumene unachokera. Unabwera tsiku lija la kukantini, ndipo ndinakhala zaka ndikulimbana nawo ndi manja anga, ndikudyetsa ndi kuveka munthu amene waimirira apayo. Lero anthu amene sanandigulirepo ngakhale kapu ya mchere ankauza Mulungu kuti umphawiwo ndi chiwanda chimene ndaweta ndekha, chifukwa ndakana kuberedwa.

Ndinachotsa dzanja lija pamutu panga. Ndinadutsa pakati pawo, ndinalowa m'tchalitchi, ndipo anyamata a malamba aja sanandigwire, mwina anaona nkhope yanga. Ndinafika patebulo, ndinazula waya wa magetsi. Mitambo ndi mau zinazimirira, nsalu inangotsala yoyera. Oimba anapitiriza pang'ono, kenako anayamba kusokonezana chifukwa nyimboyo inali yatsopano, ankaiwerenga pakhoma. Anthu onse anatembenukira kumbuyo. Ine ndinali nditagwada kale, ndikumasula masikulu.

Nditatsegula, mpweya wotentha unandimenya kumaso, ndipo kunkamveka kafungo ka pulasitiki wopsa. Bokosi lawo linali laling'ono, mawaya ali unjiunji. Pokankhira khadi mkati, mtolo wa mawaya unali utapanikiza kafani kaja, ndipo sikanazungulire kuyambira m'mawa. Khadi linali litagwira ntchito tsiku lonse pansi pa malata popanda choziziritsa. Nditaligwira linanditentha chala. Ndinalichotsa ndi nsonga ya chitenje, ndinalikulunga, ndinaimirira.

Abusa analankhula pa chokuzira mawu kuti anthu asatekeseke, mdani amabwera pamene madalitso ayandikira. Ndinatuluka pakati pa anthu akung'ung'udza. Palibe amene anandikhudza.

Kunyumba ndinalisiya kuti lizizire, kenako ndinalibwezera mu mpata wake mosamala, ndinalimanga ndi kawaya pamene pulasitiki anathyoka. Ndinalowa pa tsamba la buluu, ndinalisankha kukhala loyamba. Chithunzi chinabwera, mtima wanga unakhala pansi. Koma nditangotsegula vidiyo, pa sikirini panadutsa mizere yobiriwira, kenako timabokosi ta mitundumitundu tinadzaza nkhope ya mkwatibwi, kenako makina anaima. Ndinayesanso. Ndinachotsa, ndinapukuta mano ake olowa mu mpata, ndinabwezera. Ndinachotsa laling'ono kuti lalikulu likhale lokha. Ndinaika fani ya m'nyumba kuti izipemerera m'bokosi. Mizere inkabwerabe, ulendo uliwonse msanga kuposa poyamba, mpaka inayamba kuoneka makina akungodzuka.

Panalibe kuchitira mwina, ukwati wa ku Chanyanya ndinaumalizira pa khadi laling'ono. Lamulungu lonse ndinakhala pampando umenewo. Khadi limenelo silinapangidwire ntchito yotero. Sindinkatha kuona pamene ndikudula chifukwa chithunzi chinkadumpha. Mitundu imene linkaonetsa pa sikirini sinali yoona, ndiye pokonza kuwala kwa malo amene wojambula anajambula mumdima wa m'tenti, ndinkangoyerekeza. Potumiza ku tepi makina ankaima pakati, n'kuyambiranso. Amai ankadutsa ndi tsache osandilankhula. Mlongo wanga sanagone panyumba.

Ndinamaliza Lolemba masana. Ndinakwera galimoto ya nsomba kupita ku Chanyanya ndekha, matepi ali pamiyendo. Nditafika, achibale a mkamwini anali atapita m'mawa. Mayi uja anandilandira pakhonde, pafupi ndi nsomba zoyanika, anatuma mwana kukalumikiza TV ku batire ya galimoto. Tinaonera limodzi. Pamene azimayi a mbali yake ankalowa akuvina, chitenje chija chinaoneka chofiirira ngati dothi lonyowa. Mau a abusa odalitsa ukwati ankabwera milomo itatseka kale.

Sanakalipe. Anaonera mpaka pamapeto, anazimitsa yekha.

"Si ndimwe munali kujambula vitenje ku fakitale?"

"Ndine."

"Nanga ichi ni chitenje changa?"

Ndinayamba kufotokoza za khadi, za mlongo wanga, za tchalitchi. Anandimvetsera pang'ono, kenako anakweza dzanja.

"Ine nikagulisa nsomba yoola, siniuza kasitoma kuti bwato inadontha. Mwana wanga azakwatiwa kamozi chabe."

Anandipatsa nsomba ziwiri zouma kuti ndikapatse amai, monga mwa ulemu wa pakhomo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandithamangitsa. Ananena zoona. M'galimoto pobwerera ndinkalira, koma sikunali kulira kwa chisoni. Ndinkalakalaka mlongo wanga akanakhala pakhonde paja, ayang'ane mayi uja m'maso, amuuze za mitambo.

Nkhani inafika kwa wojambula uja sabata isanathe. Anabwera kudzatenga matepi ake ena amene anali kwa ine, anati wapeza anyamata ku Lusaka amene ali ndi makina atsopano. Sindinamuimbe mlandu. Ndinanyamula khadi kupita nalo kwa mnzanga wa kasitolo uja. Analiyang'ana, ananunkhiza, anazunguza kafani ndi chala, anati lapsa mkati ndipo silikonzeka. Ndinamufunsa ngati ali ndi lina. Anatsegula makatoni a kontena yatsopano n'kundionetsa. Makhadi amene ankabwera tsopano anali a mano ena, olowa mu mpata wina umene bolodi langa linalibe. Anandionetsanso kompyuta ina imene inali ndi makhadi awiri ofanana ndendende, olumikizidwa pamwamba ndi kachingwe kafupi, amene ankagawana ntchito imodzi. Anati a mtundu wanga akusowa, ndipo ngati ndikufuna kupitiriza za mavidiyo ndigule makina onse atsopano. Ndinaseka, chifukwa ndinalibe ngakhale poyambira.

Kunyumba mlandu unali wanga. Amai anaitana malume athu, mkulu wopuma pantchito ya njanji, kuti adzatikhazike pansi. Ndinkayembekeza kuti munthu wamkulu afunsa amene anatsegula bokosi. Anafunsadi, mlongo wanga anavomera mosavuta, ngati munthu amene akuvomera kuti anathandiza nkhalamba kuwoloka msewu. Kenako malume anatembenukira kwa ine.

"Iye analakwa, inde. Koma iwe ndiwe wamkulu, ndiponso ndiwe mkazi. Kukazimitsa nyimbo m'nyumba ya Mulungu, anthu onse akuona? Dzina la atate ako walipaka matope. Ukapepese kwa abusa."

"Nanga iye apepesa kwa ndani, amalume?"

"Za m'nyumba zimathera m'nyumba."

Ndinayang'ana mlongo wanga. Ndinkangofuna mau amodzi okha. Akanati ba sisi nalakwa, mwina ndikanatukwana tsiku limenelo, mawa lake n'kumuphikira. Iye anakweza mutu n'kunena modekha kuti khadi linkagwira bwino lomwe pamene linali kutchalitchi, anthu onse ndi mboni, ndipo linafa pamene ndinalichotsa pa guwa. Anati mkazi wa abusa anandichenjeza.

Amai anavomereza ndi mutu.

Sindinakapepese. Mwezi womwewo ndinapeza kachipinda kumbuyo kwa masitolo a pafupi ndi siteshoni, ndinasamutsa makina anga pa wilibala. Ndinaboola chitsulo cha bokosi, ndinaika loko. Ndinabwerera ku makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ntchito imene khadi laling'ono linkaitha. Chakudya cha amai sindinasiye kutumiza, ufa, mafuta, sopo, ndipo ndinkadziwa kuti mlongo wanga akudya nawo. Zimenezo zinkandiwawa mwezi uliwonse ndikamakweza thumba la ufa pa njinga ya mnyamata wonyamula katundu, koma amai ndi amai.

Za mavidiyo sindinabwererenso. Pamene ndinkapeza mphamvu zogulira makina ena, achinyamata anali atadzaza kale ntchitoyo, aliyense ali ndi kamera yake ndi kompyuta yake. Mu Kafue munali mutamvekanso kuti mayi wa pasiteshoni uja amawononga maukwati a anthu ndipo anamenyana ndi abusa. Sindinamenye munthu, koma nkhani ikamayenda imanenepa.

Mlongo wanga anapezadi ntchito, osati chaka chimenecho koma patapita zaka zingapo, pa kampani ina yophwanya miyala kufupi ndi Shimabala. Amene anamulowetsa ndi mwamuna wa mnzanga wa kufakitale, ndipo amene anakamupempha ndi amai, kudzera mwa ine. Ndinalankhula naye munthuyo chifukwa ndinatopa kudyetsa mwamuna wamkulu. Lamulungu lotsatira mlongo wanga anaimirira kutchalitchi kuchitira umboni kuti mbewu yake yabala.

Umboni umenewo amaunenabe. Tsopano ndi dikoni, ali ndi mkazi ndi ana, ndipo ana akewo ndimawakonda, amabwera kwa ine pa holide. Ineyo ndi iye timapatsana moni, timagwirizana za mankhwala a amai, timakhala benchi limodzi pa maliro a achibale. Koma anthu amene amapita kumisonkhano yawo amandiuza zimene amanena. M'nkhani yake khadi lija linakula n'kukhala kompyuta yathunthu. Akuti inali yake. Akuti panali wachibale wina amene mdani anamugwiritsa ntchito kuti atseke madalitso ake, koma anamukhululukira.

Chaka chatha mwana wake wamkazi, ali kwa ine, anandifunsa tikutsuka mbale.

"Ba anti, wachibale uja amene adadi amakamba ku tchechi, ni ndani?"

Ndinamuyang'ana. Ndi mwana wanzeru, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa kale. Ndinapukuta manja, ndinamukhazika pampando, ndinamuuza zonse kuyambira pa nshima ya Lachinai lija mpaka pakhonde la ku Chanyanya. Sindinachepetse, sindinawonjezere. Atabwerera kwawo anakafunsa atate ake, ndipo madzulo ake foni yanga inalira.

"Ba sisi, nkhani zakale muziuza bana za chani? Ine ninakukhululukirani kale."

Ndinamuuza kuti chikhululukiro chakecho asunge, adzapatse munthu amene anamulakwira. Ndinati tsiku limene adzaimirire pamaso pa anthu omwewo n'kunena kuti chinthucho chinali cha ndani, ndiponso kuti mwini wake anayankha chiyani atapemphedwa, adzanditumire uthenga, ndidzabwera kudzakhala kutsogolo. Anati adzandipempherera. Ndinadula foni.